Foni yanga inandigwiritsa pa Ginnery Corner

Atandibera foni yachiwiri mumsika wa Limbe, ndinalumbira kuti yachitatu sipita. Alamu anga a ku Joni anandibweretsera kachipangizo kangati chitsekerero cha botolo, koyendera Bluetooth. Umakalumikiza ndi foni n'kukamangirira ku makiyi. Zikatalikirana mamita ngati 10, foni imayamba kukuwa. Batire yake ndi ija yophwatalala ngati ndalama yachitsulo, ya CR2032.

Pulogalamu yake imakulola kusankha kaliridwe. Ine, mwa nzeru zanga zosefukira, ndinajambula mawu anga enieni: "Wakuba! Wakuba! Mugwireni ameneyo!" Ndinajambula katatu kuti amveke aukali bwino. Amake Tadala anangondiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kusankha mpunga.

Loweruka ndinakwera minibasi m'tauni, mpando wakumbuyo, anthu anayi pa malo a atatu. Ndinkadya mandasi mwamtendere, mtima uli m'malo ngati munthu wolemba mlonda. Potsika pa Ginnery Corner ndinachita kudzipanikiza pakati pa thumba la makala ndi mayi wina wonyamula beseni. Chinachake chinamveka kuti thu! kulamba, koma sindinalabadire. Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kuliyatsa la ku Limbe, makiyi anga ndi mlonda wanga ali momwemo.

Ndisanayende mapazi asanu, thumba la buluku langa linakuwa: "Wakuba! Wakuba! Mugwireni ameneyo!"

Abale, anthu a mu Blantyre amamvera malangizo. Wogulitsa nthochi anasiya nthochi, akabaza anasiya njinga. Mnyamata wina wa dzitho anali atandigwira kale lamba chakumbuyo, moti ndinkaima ndi zala zakumapazi.

"Madala, foni mwaitenga kuti?"

"Ndi yanga, achimwene. Mawuwo ndi anga, tamverani bwino."

"Foni yanu yomwe ikukunenani kuti ndinu wakuba?"

Funso limenelo lilibe yankho, ngakhale mutapita nalo kwa loya. Anati ngati ili yanga nditsekule. Ndinaika chala, foni inakana, mafuta a mandasi ali chezichezi. Ndinapukutira pamalaya, inakananso. Ndinayesa manambala achinsinsi, koma manja ankanjenjemera ngati ndagwidwa malungo. Nditalakwitsa kasanu, inandiuza mwaulemu kuti ndidikire masekondi 30. Nthawi yonseyi ine wa m'foni ndikulimbikitsabe anthu kuti andigwire. Mayi wina anali atavula kale patapata.

Pomwepo foni inasintha nyimbo, pagalasi pakuoneka dzina loti Amake Tadala. Wondigwira lamba uja anayankha, n'kuika mawu pokweza kuti aliyense amve.

"Mayi, mwini foniyi amaoneka bwanji?"

"Wamfupi, wadazi, mimba ili patsogolo. Wavala malaya obiriwira osowa batani lachitatu. Walakwanso chiyani?"

Anthu onse anawerenga mabatani anga. Lamba anamasulidwa, patapata anabwerera kuphazi.

"Poti muli naye pomwepo," anapitiriza amake Tadala, "mumufunse ngati wagula mayunitsi a magetsi, kapena ndalamayo wadyera mandasi."

Ndinafika kunyumba madzulo n'kupeza onse apita kukwaya. Ndinakhala pakhonde maola awiri, popeza makiyi anali akuzungulirabe pakati pa Limbe ndi tauni.