Kaundula wa Sitandade 1 ndi mndandanda wa Sitandade 8

Ndinasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti yoyendetsa sukulu ina ya pulayimale ya boma kuno ku Mzuzu pa msonkhano umene ndinapitako kukadandaula. Mwana wanga wachiwiri anali pafupi kumaliza Sitandade 2 koma ankalephera kuwerenga ngakhale mawu a maphatikizo awiri, ndipo ndinaimirira pamaso pa makolo anzanga kufunsa chifukwa chake. Nditakhala pansi, mayi wina wogulitsa masamba mumsika anakweza dzanja n'kunena kuti bambo a mafunso ambiriwa apatsidwe buku la ndalama kuti mayankho akawapeze okha. Anthu anaseka, anawomba m'manja, ndipo mlembi analemba dzina langa. Dzina la sukuluyo sinditchula, popeza zimene ndaona kumeneko ndikukhulupirira kuti zikuchitikanso m'sukulu zina za mumzinda muno, ndipo si chilungamo kuti aphunzitsi a sukulu imodzi asenze okha katundu wa tonse.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira ndi chakuti ambiri mwa ife makolo sitidziwa amene amalamulira sukulu ya ana athu. Mzinda wa Mzuzu uli m'boma la Mzimba, koma pa nkhani za maphunziro umaima pawokha, chifukwa Mzimba anagawidwa patatu: Mzimba North, Mzimba South ndi Mzuzu City. Chiyambireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, sukulu za pulayimale zinaikidwa m'manja mwa makhonsolo, ndipo mkulu woona zamaphunziro, amene tinazolowera kumutchula kuti DEM, amagwira ntchito pansi pa khonsolo. Sukuluzo zinaikidwa m'mazoni, zoni iliyonse ili ndi malo ake okumanirana aphunzitsi otchedwa TDC ndiponso mlangizi wake, a PEA. Pansi penipeni pa makwerero amenewa ndi pamene pali ahedi ndi ife a komiti.

Dera lathu la maphunziro ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la anzathu a ku Chitipa kapena Mzimba South, kumene mlangizi amayenda mtunda wautali pa njinga yamoto kuti afike pa sukulu imodzi. Kuno munthu angathe kuchoka ku ofesi m'mawa, kuyendera sukulu ya ku Chibavi ndi ina ya ku Katoto, n'kubwerera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Munthu angaganize kuti pamalo potere zonse ziyenera kuyenda bwino. Koma kuchepa kwa dera sikutanthauza kuchepa kwa ana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mumzinda muno, ndipo aliyense wodutsa ku Mchengautuwa, Zolozolo kapena Masasa amaona yekha mmene nyumba zikumerera m'mphepete mwa zigwa, pamene malo a sukulu ali momwe analili kale.

Pa sukulu yathu, monga pa sukulu zina za boma, pali magulu atatu a makolo: komiti yoyendetsa sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi imene timati PTA, ndi gulu la amayi loona za atsikana ndi ana osiya sukulu. Dongosolo limeneli likuoneka kuti linakonzedwa poganizira kumudzi, kumene mfumu ikalamula kuti banja lililonse liumbe njerwa kapena litute mchenga, ntchito imachitika. Mumzinda zinthu n'zosiyana. Makolo ambiri ndi a lendi, wina anachokera ku Karonga, wina ku Nkhata Bay, wina ku Dedza, ndipo chaka chamawa angathe kusamukira dera lina. Tsiku la chitukuko likafika, wa kabaza ali pamsewu, wogulitsa kaunjika ali mumsika, ndipo palibe angawadzudzule chifukwa akapanda kutero ana agona ndi njala. Choncho thukuta limene kumudzi limaperekedwa ndi manja, kuno linkasanduka ndalama ya chitukuko, yolipirira mlonda, bilu ya madzi ndi zina zotere. Apa ndi pamene pankayambira mkangano wosatha, pakuti kholo linkakumbutsa kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, m'nthawi ya Bakili Muluzi, ndipo linkanena zoona, pamene mlonda nayenso ankanena zoona kuti mwezi watha sanalandire kanthu. Ine ndinakana kuti mwana abwezedwe kunyumba chifukwa cha ndalama imeneyi, popeza lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kukhala pa sukulu ya pulayimale, koma ndivomereze kuti pamene ndinkakana ndinalibe yankho la mlonda.

Ndalama imene imabwera kuchokera kuboma ndi ya thumba lotukulira sukulu, imene aliyense amangoitchula kuti SIG. Pulogalamu yake inayamba mu 2010 m'maboma ochepa isanafalikire dziko lonse, ndipo ganizo lake ndi labwino: makolo, aphunzitsi ndi ana akhale pansi, alembe zosowa za sukulu yawo, ndipo ndalama ilowe mu akaunti ya sukuluyo. Malangizo ake amati pa K100 iliyonse, K50 ipite ku zokweza maphunziro enieniwo, K40 ku zothandiza kuti ana onse afike pa sukulu ndi kukhalapo, ndipo K10 ku kayendetsedwe ka sukulu. Pa pepala magawo amenewa ndi omveka. Pa tebulo la msonkhano, pamene ndalama ndi yochepa ndipo zosowa zadzaza masamba awiri, aliyense amapeza njira yolowetsera chofuna chake m'gawo limene lamukomera.

Mkangano umene unanditsegula maso unali wa madesiki. Ahedi anapempha kuti gawo lalikulu la ndalama ligule madesiki a Sitandade 8 ndi mapepala a mayeso oyeserera. Amayi a gulu lija anapempha kuti tikonze kalasi ya Sitandade 1, imene denga lake linkadontha ndipo simenti yapansi inali itakumbika, moti ana ankakhala pa dothi lonyowa. Wodziwa Mzuzu akudziwa kuti mvula ya kuno imapitirira pamene kwina yaleka kale, ndipo ikangotha kumabwera chisanu cha June ndi July chimene ngakhale wamkulu wovala jekete amachimva m'mafupa. Ine ndinaima ndi amayi, ndipo ndinkaganiza kuti nkhaniyo ndi yosavuta, mpaka ahedi atayankha mofatsa kuti: "Bambo, zotsatira zikatuluka palibe amene adzandifunsa za denga. Adzandifunsa kuti ndi ana angati apita ku sekondale."

Ndinakwiya tsiku limenelo, koma nditaganiza ndinaona kuti ahedi sananame, ndipo olakwa oyamba ndife makolo. Bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, a PSLCE, timathamangira kukhoma la ofesi kukaona mndandanda. Timawerenga amene asankhidwa kupita ku sukulu za sekondale zogonera komweko, amene apita ku sukulu zoyendera za boma ngati Katoto, ndi amene apita ku masekondale oyendera a m'madera, ma CDSS, ndipo kuchokera pa mapepala awiri amenewo timagamula kuti sukulu ndi yabwino kapena yoipa. Ku zoni nako amayerekeza sukulu ndi sukulu pa muyeso womwewo, ndipo manyuzipepala amasanja maboma a maphunziro kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Ife a chigawo cha kumpoto nkhani imeneyi timaitenga ndi mtima wonse, chifukwa sukulu ndi chuma chimene makolo athu anatisiyira kuyambira nthawi ya mishoni ya Livingstonia, ndipo mikangano ya zaka zambiri yokhudza kasankhidwe ka ana ka kota inatiphunzitsa kuyang'anitsitsa mndandanda uliwonse. Mphunzitsi wamkulu amene akudziwa kuti adzaweruzidwa ndi mndandanda adzaika aphunzitsi ake odalirika ku Sitandade 7 ndi 8, adzaika madesiki komweko, ndipo adzalola kuti ana a mayeso azibwera m'mamawa ndi kuweruka madzulo. Akatero sanachite zachinyengo ayi, wangotsata chimene tonse tamuuza kuti n'chofunika.

Sabata yotsatira ndinapempha kuona makaundula a makalasi onse, ndipo ndinawayala pa tebulo kuyambira Sitandade 1 mpaka 8. Sipanafunike katswiri kuti aone zimene zinalipo. Mayina a Sitandade 1 anadzaza mabuku angapo, ndipo kalasi iliyonse inali ndi ana opitirira kutali 60 amene boma limati ndiwo oyenera mphunzitsi mmodzi. Kukwera m'mwamba mabuku ankapyapyala, ndipo pofika Sitandade 8 gulu linali litachepa kwambiri. Ena mwa osowawo anasamuka ndi makolo awo, ena anapita ku sukulu zolipira zimene zachuluka mumzinda muno, koma amayi a gulu lija ankawadziwa ambiri ndi mayina: uyu anabwereza Sitandade 3 kawiri n'kutopa, uyu akugulitsa madzi ku depoti, uyu ali ndi mwana. Chiwerengero cha okhoza mayeso chimene timanyadira chimawerenga okhawo amene anafika pa tsiku la mayeso. Sukulu ingathe kukhozetsa pafupifupi ana onse a Sitandade 8 pamene inataya ochuluka panjira, ndipo palibe khoma limene mayina a otayikawo amamatidwapo.

Pali chinanso chimene chimalemetsa makalasi oyambirira kuno, chimene ku Lilongwe kapena ku Zomba sachiganizira kwenikweni. Ana ambiri a mumzinda muno amayamwa Chitumbuka, ena Chitonga kapena Chinkhonde, koma mabuku ophunzirira kuwerenga ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Zimenezi zinayamba kale, mu 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Kwathu timayankhula Chichewa, choncho mwana wanga analibe chopinga chimenechi, komabe analephera kuwerenga. Nanga mnzake amene akumva mawu a m'bukumo koyamba, atakhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza, mvula ikuwomba pa malata? Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inabweretsa mabuku ndi njira yabwino yoyambira pa maliwu ndi maphatikizo, ndipo aphunzitsi amene ndawaona akuitsata amagwira ntchito yotamandika. Koma njira imeneyi imafuna kuti mphunzitsi amve mwana aliyense akutchula, ndipo m'kalasi yotere amene amamveka ndi a mizere yakutsogolo basi.

Apa ndi pamene ndinaona malire a mphamvu za komiti. Tingathe kugula choko, kukonza chimbudzi, kulemba mlonda, ndi kusaina cheke pamodzi ndi ahedi. Sitingalembe mphunzitsi wa boma, sitingamusamutse, ndipo sitingalamule kuti wakutiwakuti aphunzitse Sitandade 1. Kumanga makalasi atsopano n'kopitirira thumba lathu, ndipo kumadikira khonsolo, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kapena mabungwe othandiza. Chodabwitsa n'chakuti vuto la sukulu yathu silinali kuchepa kwa aphunzitsi monga zilili kumidzi, popeza ambiri amakonda kugwira ntchito mumzinda. Chosowa chinali zipinda, moti aphunzitsi awiri ankagawana kalasi imodzi yodzaza, wina akuphunzitsa, wina akuchonga makope pakhonde. Kholo likakwiya limabwera kwa ife a komiti chifukwa ndife amene limationa ku tchalitchi ndi kumaliro, koma zambiri zimene likudandaula zimagamulidwa m'maofesi amene ife timangolemberako kalata.

Nkhani ya madesiki inatha mogawana. Tinagula madesiki ochepa kusiyana ndi amene ahedi anafuna, ndipo yotsalayo tinaiika pa simenti ndi malata a Sitandade 1. Tinagwirizananso zinthu ziwiri zimene sizinafune ndalama. Choyamba, ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka izilembedwa pa pepala lomatidwa panja pa ofesi, pambali pa mndandanda wa mayeso uja, ndipo ndinaona kuti manong'onong'o akuti a komiti akudya ndalama anachepa, ngakhale sanatheretu. Chachiwiri, pa kutha kwa teremu iliyonse aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 aziuza komiti kuti ndi ana angati amene akutha kuwerenga ndime yaifupi, ndi angati amene asiya kubwera. Aphunzitsi ena poyamba anaona ngati tikuwazenga mlandu, ndipo zinatengera a PEA kufotokoza pa msonkhano kuti chiwerengerocho n'chothandiza popempha zipinda ku khonsolo. Mphunzitsi wina wa Sitandade 2, mayi wachikulire amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, anandiuza pambuyo pake kuti m'zaka zake zonse aka kanali koyamba kuti kholo limufunse za ana ake mayeso a Sitandade 8 asanayandikire.

Simenti tinaika, ndipo ana sakukhalanso pa dothi. Denga lokha linatsala theka, chifukwa ndalama inafika mochedwa, ndipo pamene inkalowa mu akaunti n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo imene tinalembetsa kwa ogulitsa malata itasintha kale. Mbali yodonthayo ana amaithawa posunthira kutsogolo mitambo ikayamba kuda, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa nkhaniyi ili pa nambala yachiwiri, pambuyo pa malipiro a mlonda.