Ulendo wathu wa ku Nyika mu Julaye, mmene tinakonzekera komanso mmene zinathera

Anzathu a m'gulu amene simunapite nawo mwakhala mukufunsa kuti wina alembe zonse, ndiye atcheya anati ndilembe ineyo poti ndi ine ndinagwira chiwongolero cha galimoto yachiwiri njira yonse. Ndilemba mmene ndikukumbukira, amene tinali limodzi mukaona pena ndadumpha mudzawonjezera.

Tinali anthu 9, galimoto ziwiri, Hilux ya amalume ndi X-Trail imene tinabwereka kwa achimwene ake a mnzathu wina. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 23, laisensi itangokwanitsa chaka ndi miyezi iwiri, ndipo kutali kumene ndinali nditayendetsako kunali ku Liwonde basi, masana, dzuwa lili phwee. Tinasankha kunyamuka pa 6 Julaye 2023 chifukwa linali Lachinayi la holide ya ufulu, aliyense anangopempha Lachisanu ndi Lolemba kuntchito.

Pa msonkhano woyamba ine ndinabwera ndi pepala langa nditawerengera bwinobwino, Blantyre kukafika Lilongwe makilomita 310 ndi kena, Lilongwe kukafika Mzuzu cha m'ma 360, mapu a pa foni akuti maola 10, ndiye ndinati tikanyamuka 7 koloko tidzadyera chakudya chamadzulo ku Mzuzu. Amalume, amene anayendetsa mathiraki zaka zambiri njira ya Beira ndi Dar es Salaam, anaona pepalalo nthawi yaitali kenako anangondifunsa kuti "Mphwanga, mu Julaye dzuwa limalowa nthawi yanji?" Ndinayankha kuti cha m'ma hafu 5. Iwo anati ndiye pepalali uliyambire kumeneko, ufunse kuti pofika 4 koloko madzulo ukufuna ukhale utadutsa pati, kenako uwerengere chobwerera m'mbuyo mpaka upeze ola lonyamukira. Malo amene ankawanena anali amodzi okha, nkhalango ya mapaini ya Chikangawa pa mapiri a Viphya. Anati nyengo yozizira nkhungu ya pa Viphya sichenjeza, ndipo safuna kuti mwana wa mlongo wawo akaphunzirire nkhungu usiku atanyamula ana a eni. Tinagwirizana zonyamuka 4 koloko m'bandakucha.

Sabata yotsatira tinapita ndi X-Trail ija ku galaja. Ndikuuzeni abale, galimoto imatha kumayenda bho mu town muno ili ndi matenda ambiri osaoneka. Mu radiyeta munali madzi a pampopi okhaokha, makaniko anakhetsa nkuthira kulanti. Mawaipa anali atauma, akungopaka fumbi pagalasi. Sipeya inalipo koma yopanda mpweya, jeke inalipo koma chogwirira chake palibe. Ndipo hita simagwira, mwini wake sankadziwa nkomwe chifukwa ku Blantyre ndani amayatsa hita, inapezeka kuti ndi fyuzi chabe ya fani. Ine panthawiyo ndimaona ngati hita ndi ya matama, yongofuna kufunditsa anthu, sindimadziwa kuti mpweya womwewo ndi umene umachotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo. Tinaonanso mapepala, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, matrayango awiri, ndi kalata ya mwini galimoto yonena kuti watibwereka. Ndalama tinasonkha pa Airtel Money ndi Mpamba kwa msungichuma, petulo nthawi imeneyo inali K1,746 pa lita ndipo dizilo K1,920, amalume anati pa zimene mwawerengera za mafuta muwonjezerepo ndithu chifukwa msewu wafumbi ndi zitunda zimamwa mafuta mosiyana ndi tala.

Tinanyamuka 4:20, tinachedwa ndi mlongo wina amene ananyamula chikwama ngati akusamuka, koma mabulangete ake aja anadzatipulumutsa kutsogoloku. Zalewa tinadutsa kudakali mdima, pa tolo geti ya Chingeni kukuyera. Pa Lizulu tinaima kugula mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi zokaphika ku Chelinda, kampu ya m'kati mwa paki ya Nyika kumene timakagona, kuzizira kwake pamenepo amayi ogulitsa atadzikulunga zitenje mpaka m'mutu akuotha moto wa zitsononkho, ndipo aliyense m'galimoto anayamba kufufuza juzi. Kalinyeke tinalipira, Dedza tinadutsa phiri litafunda mtambo, Lilongwe tinalowa hafu 9. Mpaka apa pepala la amalume limayenda ndendende.

Chinatisokoneza ndi mafuta. Masiku amenewo mafuta amavuta apo ndi apo, dizilo ya Hilux tinaipeza msanga koma petulo tinaima pamzere pafupifupi maola awiri. Kenako kuchoka ku eyapoti kupita Kasungu msewu wa M1 amaukonza, madayiveshoni afumbi, thiraki ikakhala patsogolo pako umangotsatira fumbi lake mpaka itafuna yokha. Pofika pa Jenda inali itadutsa 4 koloko, ola limene timayenera kukhala titatuluka kale m'nkhalango. Tinaima pambali pa rodibuloko kukambirana. Ena amati tigone pomwepo, ena amati ndalama ya malo ogona ku Mzuzu tinalipira kale. Amalume anandiitanira pambali nkundifunsa ngati ndatopa, ndipo ndinawauza zoona kuti msana ukuwawa koma tulo ndilibe. Vuto linali lakuti oyendetsa tinali awiri okha pa galimoto ziwiri, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti pokonzekera tinalakwitsa kwambiri, timayenera kukhala ndi dalaivala wachitatu. Anati tipita, koma iwo patsogolo ine pambuyo, ndisawapitirire zivute zitani, ndipo ndikangomva kuti sindingathe ndiwaphethirire malaiti katatu tiime.

Nkhungu inatipeza titadutsa mphambano ya ku Mzimba tikukwera. Poyamba inali ngati utsi wa munthu wootcha zinyalala, tizigawo tizigawo, kenako mwadzidzidzi mapaini onse m'mbali mwa msewu anasowa, Hilux inasowa, kunangotsala timaso tiwiri tofiira kutsogolo. Chimene dzanja langa linachita palokha ndi kuyatsa malaiti aakulu, ndipo kutsogolo konse kunasanduka khoma loyera, ngakhale boneti sindimaiona bwino, chifukwa kuwala kumangomenya timadontho ta nkhungu nkubwerera m'maso mwako. Ndinabwezera pa dimu msewu nkuonekanso pang'ono. Ndiye galasi linayamba kuchita nthunzi mkati poti tinali anthu 5 tikupuma mawindo onse otseka, mnzanga wa pambali anatenga kapu yake ya ubweya kuyamba kupukuta, zimangoipiraipira, mpaka ndinakumbukira zimene ananena makaniko uja, kuloza fani pagalasi, kuyatsa hita pamodzi ndi AC. Pasanathe mphindi galasi linayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Fyuzi ija inali yotsika mtengo kuposa botolo la Fanta.

Tinayenda mwina 30 pa ola, pena 20. Amalume anali atandiuza kuti m'nkhungu usayang'ane pakati pa msewu kumene kukubwera malaiti a anzako, yang'ana m'mphepete kumanzere kumene tala akuthera, ndipo utsitse windo pang'ono kuti uzimva. Ndinatsitsa, mphepo yake yolasa khutu ngati singano, wailesi tinazimitsa, m'galimoto munali zii, mlongo wina kumbuyo akupemphera chapansipansi. Pa kona ina ndinaona mabuleki a Hilux ayaka, kenako nthambi yamasamba ili pa msewu, ina, inanso, ndipo thiraki yonyamula matabwa inangotulukira pamphuno pathu itaima theka mumsewu, yopanda laiti ngakhale imodzi, anyamata ake atakoleza moto kumbuyo kwake akuotha. Ndikanakhala ndekha pa liwiro limene ndinalemba pa pepala langa loyamba lija sindikudziwa kuti ndikanaiona nthawi yanji. Titailambalala miyendo yanga imanjenjemera pa pedulo moti ndinaphethira malaiti katatu. Tinaima pamalo otakasuka, amalume anabwera pawindo, sanandikalipire kapena kundiseka, anangondipatsa tiyi wa mu flasiki nkunena kuti "Wachita bwino kuima. Imwa, tikhala pano mpaka manja asiye kunjenjemera." Tinakhala mphindi mwina 20. Mzuzu tinalowa 8 koloko itadutsa.

M'mawa mwake tinadzaza matanki ku Mzuzu, tinadutsa Ekwendeni, nkukhota pa Bwengu kulowera ku Rumphi, kuoloka South Rukuru pa Njakwa pamene mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri. Ku Rumphi boma tinawonjezeranso mafuta ngakhale geji inali isanatsike kwenikweni, chifukwa ukachoka pamenepo usayembekezere filing'i siteshoni kumtunda, ndipo uyenera kukwera, kuzungulira m'paki, nkutsikanso ndi mafuta omwewo. Anthu akumeneko ulemu wake, monire monire paliponse, ife timangoyankha yewo. Kuchoka Rumphi kudutsa Bolero kukafika pa geti ya Thazima ndi makilomita 50 ndi kena, kuchoka pa geti kukafika Chelinda ndi cha m'ma 60, pa mapu zimaoneka zochepa koma zinatitengera maola oposa 4. Msewu wake unali wafumbi, mabampu ang'onoang'ono aja ogwedeza mano, pena miyala, pena mchenga wofewa pakona. Apa ndinaphunzira kusiya mpata waukulu pakati pa ine ndi Hilux mpaka fumbi lake litakhazikika. Netiweki inatha, ndipo zinathandiza kuti makolo tinali titawauziratu ku Rumphi kuti tikhala osapezeka masiku awiri asade nkhawa.

Ukatuluka m'mitengo ya kumunsi nkufika pamwamba penipeni, abale inu, dziko lathuli ndi lokongola. Mapiri a udzu okhaokha ogudubuzika mpaka kumene maso athera, mbidzi zikudya m'mbali mwa msewu osathawa, ntchefu zikuluzikulu ngati ng'ombe, ndi chilembwe chimene ambiri a ife tinali tisanachionepo. Nyika ndi paki yaikulu kuposa onse m'Malawi muno, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo Chelinda ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, nchifukwa chake kuzizira kwake si kwa ku Dedza kapena ku Bvumbwe kumene tinazolowera. Dzuwa litangolowa kuseri kwa mapaini aja kunagwa chisanu chimene sindinachimvepo, tinaphika mbatatesi za pa Lizulu zija titazungulira moto, aliyense atavala zovala zonse zimene anabweretsa, ndipo mabulangete a mlongo uja tinachita kugawana.

Loweruka m'mawa ndinadzuka 6 koloko kukaona galimoto. Udzu wonse unali woyera ngati wina wawazapo ufa, ukauponda ukulira khrr khrr, ndipo galasi la X-Trail linali litakutidwa ndi madzi oundana, mawaipa atamatirira. Mnzathu wina anathamangira kukhitchini kubwera ndi ketulo ya madzi owira kuti athire, mwamwayi amalume anatulukira nkumuletsa, anati galasi lozizira chonchi ukalithira madzi otentha limang'aluka pomwepo ndipo windisikirini yatsopano kuno uipeza kuti. Tinaliza injini, kuyatsa hita kuloza pagalasi, nkumapala pang'onopang'ono ndi khadi yakale ya ku banki. Hilux nayo anandionetsa kuti dizilo kukazizira sumangopotokola kiyi, umadikira kalaiti kooneka ngati waya wopota kazime kaye, iwo anachita kawiri ndipo inalira koyamba. Ndinaima pamenepo zala zitachita dzanzi ndikuganiza za madzi a pampopi amene tinakhetsa mu radiyeta ku Blantyre.

Tsiku limenelo tinazungulira madamu a pa Chelinda ndi ku Lake Kaulime, tinajambula zithunzi zambiri zimene mwaziona kale.

Lamulungu potsika ndi pamene ndinapatsidwa phunziro lomaliza. Pa chitsikira chachitali ndimangopondereza buleki, titaima kuti anthu adzithandize amalume anayandikira tayala lakutsogolo nkundiitana kuti ndinunkhize, fungo lopserera. Anati buleki ikatentha imasiya kugwira, ika giya yotsika injini izikugwirira yokha, buleki uzingoigusa pang'ono nkuisiya. X-Trail ija ndi otomatiki ndiye ndinali ndisanagwiritsepo ntchito magiya apansi aja chiphunzirireni, kuyambira pamenepo mpaka Thazima inatsika mwaulemu.

Pobwerera tinasintha njira, tonse tinagwirizana kuti Chikangawa madzulo ayi. Tinagona ku Mzuzu, Lolemba 5 koloko m'mawa nkutsikira ku Nkhata Bay kutsata M5 ya m'mbali mwa nyanja, Dwangwa, Nkhotakota, Salima, Golomoti mpaka Balaka. Majuzi tinavula tisanafike Chintheche, nyanja inali yolusa ndi mwera mabwato ambiri ali pamtunda, ndipo chofunika kusamala njira imeneyo ndi milatho yopapatiza yodutsa galimoto imodzi, njinga za kabaza ndi mbuzi. Blantyre tinalowa hafu 5 kukuyamba kuda.

Msungichuma akuti ndalama zotsala aziwerenga pa msonkhano wa Loweruka likubwerali, X-Trail tinaibweza titaitsuka ndi kusintha fyuluta ya mpweya imene inadzaza fumbi la ku Bolero. Amene mukufuna ulendo wa chaka chamawa ku Livingstonia ndipo muli ndi laisensi mulembetse kwa atcheya msanga, tikufuna oyendetsa osachepera awiri pa galimoto iliyonse, ndipo amalume avomera kuti Loweruka lililonse m'mawa azititenga awiriawiri kukayeserera magiya pa msewu wokwera ku Zomba Plateau.