Mfumu yanga inafa anthu asanakhale pansi

Musavutike kunditumizira kavidiyo kaja, ndakaona kale, ndipo inde, wogwada pansi pa tebuloyo ndine. Koma wojambulayo anangotola kumchira kwa nkhani, ndiye lekani ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga m'kamwa mwanu.

Mwana wa mlongo wanga, kamtsikana ka zaka 9, anabwera ndi bolodi la tchesi nati, "Amalume, mumatha?" Funsolo linandiluma. Ndinamuuza kuti tchesi ndinayamba mayi ake asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Ndinamupatsa zoyera kuti ayambe ndi iye, monga amachitira akatswiri achifundo, n'kumulangizanso kuti, "Ukagonja usalire, awa ndi masewera chabe."

Anakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu, ine chimodzimodzi. Anatulutsa bishopu, ine hatchi. Kenako anatsetsereza mfumukazi mpaka m'mphepete mwa bolodi, pa kabokosi kotchedwa h5. Apa ndinaseka. Aliyense amene anakhalapo pa bolodi amadziwa kuti mfumukazi ikatuluka msanga imangothamangitsidwa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Ndinamuphunzitsa zimenezi chala chili m'mwamba, kwinaku ndikuika hatchi yanga yachiwiri pa f6 kuti imuopseze. Ndinatsamira kumbuyo, ndinapinda manja, ndipo akuti ndinaimbanso mluzu, ngakhale zimenezo ine sindikuzikumbuka.

Mwana anangonyamula mfumukazi ija, kudya msilikali wanga wa pa f7, n'kunena motsitsa, "Chekimeti, amalume." Ndiye kuti mfumu yanga ilibe kothawira, masewera atha.

Anali atasuntha kanayi basi. Bolodi lili ndi timabokosi 64, ndipo ndinatiyendera tonse ndi maso, kamodzikamodzi, ngati munthu wotaya kiyi. Mwa ankhondo anga 16, okwana 15 anali amoyo, athanzi, ambiri asanadzuke n'komwe. Mfumu ithawire kuti? Mbali ina kwaima mkazi wake, mbali ina bishopu wake, onse chilili ngati alendo pa ndewu ya eni. Ipite kutsogolo, mfumukazi ya mwana ikuyang'ana pomwepo. Iidye mfumukaziyo, bishopu uja ndinamunyoza ali phee pa c4, akuilondera chapatali. Ndinagwira mfumu yanga pamutu, kuizunguza pang'ono, kuisiya. Ndinapendeketsa khosi kuti mwina ndikayang'anira cham'mbali patseguka kanjira. Ndinawerenganso timabokosi, mwina opanga bolodi anaiwala kamodzi. Ndiye pomwe ndinazindikira kuti masewera akamayamba msilikali wa pa f7 alibe womuteteza wina koma mfumu yokhayo, ndipo msampha umenewu ndi umene ana amaphunzira sabata yoyamba.

Ndinayesa kubweza hatchi. "Sindinaisiye, ndimangoyesa." Iye anati, "Munaisiya, amalume, munapindanso manja." Lamulo ndi lomwelo: ukagwira uyenera kusuntha, ukachotsa dzanja zatha. Koma musanandiponye miyala, kumbukirani kuti mu 1994 ku Linares, m'dziko la Spain, Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse, anachotsa dzanja pa hatchi n'kuisunthiranso pena akusewera ndi Judit Polgár, mtsikana wa zaka 17, ndipo kamera inamuona. Hatchi yomweyo, mtsikana yemweyo wosakhululuka. Ngati mkono wa Kasparov unanyengedwa, wanga ndi wa chitsulo? Kusiyana kwake n'kwakuti iye anamulekerera, ine ayi.

Ndinati tibwereze, zoyambazo kunali kutenthetsa thupi. Apa ndipo pamene "masewera chabe" aja anatha. Ndinavula wotchi. Ndinauza anthu kuti achepetse phokoso. Ndinkaganiza mphindi khumi ndisanakankhe msilikali mmodzi, mwana akugwedeza miyendo, akuluka tsitsi la chidole, n'kuyankha asanayang'ane bwinobwino. Chodabwitsa n'chakuti panalibe kanthu kobetcha, panalibe chikho, ndipo palibe anandikakamiza kukhala pamenepo. Ndikanatha kutambasula dzanja, kunyamula mfumu yake n'kuiika m'thumba, nkhondo n'kutha. Koma ayi, munthu wamkulu wolipira lendi ndinavomera kuti bishopu amayenda mopingasa basi, ndipo thukuta linkatsika m'khosi chifukwa cha kamtengo kosemedwa kooneka ngati mutu wa bulu.

Kamtengo komweko n'kamene kanandimaliza. Hatchi yake inadumpha n'kutera poti ikuopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi. Mfumu iyenera kuthawa, mfumukazi ipite. Mwana anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, chija chimapweteka kuposa chipongwe, nati, "Musadandaule amalume, awa ndi masewera chabe."

Tsopano za bondo. Ndikubwereza pamaso pa onse: mwendo unachita dzanzi. Munthu ukakhala nthawi yaitali magazi sayenda, funsani adokotala. Ndinangofuna kuuwongola, bondo n'kugunda tebulo, ankhondo onse mbwee pansi. Kuti zinachitika mfumukazi yanga itatsala pang'ono kudyedwa, limenelo ndi tsoka chabe. Mlamu wanga, amene amawerenga mabuku oposa msinkhu wake, anayamba kulalikira kuti Johan Huizinga, katswiri wa mbiri yakale wa ku Netherlands, analemba mu 1938 kuti anthu amakhululukira wobera msanga kusiyana ndi wosokoneza masewera, chifukwa wobera amanamizirabe kuti malamulo alipo, pomwe wogubuduza bolodi amaphwanya kadziko konse kamene osewera anamanga. Ndinamufunsa ngati Huizinga wakeyo anachitapo dzanzi. Iye anati chimene chikumusangalatsa n'chakuti ine ndakwanitsa zonse ziwiri masana amodzi.

Mumtima ndinali nditapuma, poti masewera opanda bolodi alibe wopambana. Mwana anatola ankhondo mwakachetechete n'kuyamba kuwabwezera aliyense pamene anali. Onse. Ngakhale kamsilikali kanga ka kumphepete kamene ine mwini ndinali nditakaiwala. Kenako anati, "Yasowa hatchi yanu, inali apa."

Ndi mmene ndinapezekera pansi pa tebulo. Ndipo ndivomere, kunali bwino kumeneko. Kunali mthunzi, kunalibe ondiyang'ana, kunalibe chekimeti. Hatchiyo ndinaiona msanga, ili kuseri kwa mwendo wa mpando, koma ndinapitiriza kupapasa kwina ndikuwerengera ngati mwana wa zaka 9 angatope n'kupita kukasewera panja. Sanatope. Mawu amene mukuwamva mu kavidiyomo akuti, "Achimwene, tulukani, mwana akudikira," ndi a mlongo wanga, ndipo kugwedera kwa chithunzicho ndi phwete lake.

Ndinatuluka, ndinakhala, mfumukazi inadyedwa, ndipo zotsalazo sizinatenge nthawi. Mwana anatambasula kadzanja kuti tigwirane chanza, akuti ndi mmene amachitira kusukulu, ine n'kupereka langa lili ndi fumbi.

Wanena kuti abweranso Loweruka. Ndamuuza kuti ndikhala wotanganidwa. Pakadali pano ndaika tchesi pafoni, pa mlingo wotsikitsitsa, ndipo dzulo usiku ndinapambana kamodzi, ngakhale batani lobwezera ndinalidina kangapo. Foniyo sinanene kanthu.