Galimoto itayamba kukokera kumanzere pakati pa Lizulu ndi Ntcheu

Tinachoka ku Lilongwe m'mawa kulowera ku Blantyre pa msewu wa M1, ndipo mpaka pa Lizulu, pamene tinaima kugula mbatata ya kachewere ndi kabichi, panalibe chodandaulitsa kupatula mitengo, imene imakwera ogulitsa akangoona kuti mwatsika m'galimoto. Titanyamuka, chiwongolero chinayamba kulimbana nane. Ndikangochimasula pang'ono, galimoto inkathawira kumanzere, kumene kumadutsa a njinga ndi amayi osenza katundu.

Kukokera pang'ono kumanzere sikodabwitsa kwathu kuno, chifukwa msewu umamangidwa wokwera pakati kuti madzi a mvula azitsetserekera m'mbali, ndipo ife timayenda kumanzere. Koma kukoka kwa tsikuli kunali kotopetsa mkono. Mlamu wanga anagamula kuti vuto ndi alayimenti, kutanthauza kuti matayala sanalunjike bwino, poti maenje amene tinawagunda m'njira sanali ochepa.

Pa boma la Ntcheu tinapeza bambo wina wachikulire wokonza matayala pansi pa mtengo. Iwo sanafulumire kuyankha. Anayamba ayeza mpweya wa matayala akutsogolo, popeza tayala lochepa mpweya limalemera pamsewu n'kukokera galimoto mbali yake, koma anapeza kuti unali wokwanira. Kenako anayandikiza dzanja pa limu ya kumanzere n'kulibweza msanga.

"Bwana, tabwerani mununkhize apa," anatero.

Panali fungo la chinthu chopserera, ndipo limuyo inali yotentha kwambiri pamene ya kumanja inali yofunda chabe. Atakweza galimoto pa jeke, tayala la kumanja linazungulira lokha atangolikankha, koma la kumanzere linkaima pomwepo. Anatifotokozera kuti mabuleki a mbali imeneyo ankagwira osasiya, chifukwa mapini amene kalipa (chitsulo chopanikiza mapadi a mabuleki pa disiki) imayendapo anali atauma ndi dzimbiri ndi fumbi, moti mapadi ankakhula disiki ulendo wonse. Anamasula mapiniwo, anawapala mpaka kuwala, anawapaka girizi, n'kumanganso zonse mosathamanga, uku akutiletsa kuthira madzi pa disiki yotentha kuopa kuti ingapindike. Anatilipiritsa K8,000, ndipo sindinanenerere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'magalaja ambiri a m'tauni mukangonena kuti galimoto ikukoka, amaikweza pa makina a alayimenti asanagwire n'komwe tayala, ndalama mulipira, vuto n'kukhala lili pomwepo. Alayimenti imasokonekeradi galimoto ikagunda dzenje mwamphamvu, ndipo chizindikiro chake chimakhala tayala lodyeka mbali imodzi kapena chiwongolero chopendekeka pamsewu wowongoka, koma si yokhayo imene imachititsa vutoli.

Tisananyamuke, bamboyo anatilangiza kuti tikafika ku Blantyre tikasinthe mapadi a mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa a kumanzere anali atapsa. Anawonjezera kuti galimoto ikadzayambanso kukoka mabuleki ali bwino, tidzasinthanitse matayala awiri akutsogolo. Ikadzatembenuka n'kumakokera kumanja, ndiye kuti vuto lili m'tayala lenilenilo. Ikadzapitiriza kukokera kumanzere, m'pamene tidzaonetse ma tie rod ndi ma ball joint (zitsulo zogwirizira matayala akutsogolo ndi kuwalumikiza ku chiwongolero), kenako alayimenti. Kuchokera pa Ntcheu, kudutsa pa Chingeni mpaka pa Zalewa, galimoto inayenda mowongoka, ndipo mlamu wanga anagona njira yonse.