Ampu yokana kulankhula

Lolemba kunabwera ampulifaya ya ku Japan ya m'ma 1980. Mwini wake, bambo wina wopuma pantchito, anati akaiyatsa nyali zimayaka bwinobwino koma ku masipika kuli zii. "Kumene ndinayamba kupita nayo anati relay yafa, angodutsitsa waya pamwamba pake. Ndinakana."

Anachita bwino. Ampu zoterezi zikayatsidwa zimadikira masekondi angapo, kenako relay, kaswichi kodziyatsa kokha ka pakati pa ampu ndi masipika, imati tcha, masipika n'kulumikizidwa. Ikapanda kulira, nthawi zambiri si kuti relay yafa. Gawo loteteza limakhala laona choipa ndipo likukana kuti chifike ku masipika, ngati mlonda wokana kutsegula geti. Mukadutsitsa waya, magetsi a DC, oyenda mbali imodzi osasinthasintha, amalowa mu koilo ya sipika mpaka kuipsereza, ndipo mumatsala ndi zinthu ziwiri zakufa.

M'gawo lotetezalo munali uPC1237, kachipu ka NEC ka miyendo 8 komwe kali mu ampu zambiri za nthawi imeneyo. Mwendo 2 umayang'anira DC, mwendo 1 masipika akamakoka magetsi opitirira muyezo, mwendo 4 umaona ngati magetsi a AC ochokera pa soketi alipo, 7 ndi wa kudikira kuja, ndipo 6 ndi womwe umakoka relay. Ukadziwa zimenezi, funso limakhala limodzi: ndi mwendo uti ukudandaula?

Sindiyatsa ampu yodwala popanda babu pa waya wa magetsi, lija lakale la 100W lokhala ndi kawaya m'kati, lomwe limachepetsa magetsi n'kuwala kwambiri ngati muli shoti. Masiku ano kulipeza ndi ntchito, m'mashopu mwadzaza a LED, omwe pa izi sathandiza. Babu linawala kamphindi pomwe ma capacitor aakulu, osunga magetsi, amadzaza, kenako linazilala. Ndiye kuti shoti panalibe. Magetsi a mbali zonse, +45V ndi -45V, anali pamalo pake. Nditayeza DC isanafike pa relay, mbali ya sipika ya kumanja kunali 12mV, zabwino ndithu. Kumanzere manambala pa mita ankangoyendayenda: 0.4V, kenako 2V, kenako kupitirira 3V, n'kubwereranso.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anali atagwira kale chowotcherera. "Achimwene, tichotse ma transistor aakuluwo, ndithamangire ena." Ndinamufunsa kuti transistor yaikulu ikapsa mita imawerenga chiyani. Anaganiza n'kuyankha yekha kuti pafupifupi 45V yonse, ndipo babu likanawala kwambiri. Komanso ma transistor aakulu a 2SC5200 ndi 2SA1943 otsika mtengo omwe akupezeka pamsika, ambiri ndi achinyengo. Mukaswa imodzi mumapeza kasilikoni kakang'ono zedi. Kuchotsa zabwino za ku fakitale n'kuikamo zimenezo ndi kuba ndalama za kasitomala.

Lachiwiri ndi Lachitatu ampuyo inadikira, zina zinalowerera. Mwini bala wina anabweretsa yake yomwe imadula nyimbo akangokweza. Pabenchi inalibe vuto. Nditamufunsa, anavomera kuti mbali imodzi anamangako masipika 4 a 8 ohm pa mawaya omwewo. Pamenepo ampu imaona 2 ohm, ndipo iyo inalembedwa kumbuyo kuti osatsika pa 4. Sanakondwe kuti mankhwala ake ndi kuchepetsa masipika. Ampu inanso inali ya 100V, yopangidwira ku Japan komweko, yomwe anailowetsa mu 230V yathu. Thiransifoma inapsa, fungo lake linafika mwini wake asanalankhule.

Lachinayi ndinabwerera kumanzere kuja. DC yoyendayenda chonchi imayambira kutsogolo, pa timatransistor tiwiri ta mtundu wa PNP tomwe timayerekeza mawu olowa ndi omwe akutuluka, n'kusunga potulukira pa ziro. Kamodzi kakayamba kudontha magetsi, ampu yonse imapendekera mbali imodzi. Ndinayandikitsa nsonga ya chowotcherera pa koyamba osakakhudza: mita sinasinthe. Pa kachiwiri manambala anathamanga mpaka 6V. Nditakapaka spiriti ndi kathonje kuti kazizire, anagwa pansi pa theka la volti, ndipo relay inati tcha. Mnyamata uja anadumpha. Katauma spiriti, relay inamasulanso.

Ndinasintha tonse tiwiri, osati kodwalako kokha. Ndinatenga ma KSA992 m'kabati, n'kuyeza hFE, nambala yosonyeza momwe transistor imakulitsira magetsi, mpaka kupeza awiri ofanana, chifukwa akasiyana kwambiri DC imatsalabe. Apa pamafunika maso: miyendo ya atsopano sikuti nthawi zonse imatsatana ngati ya akale. Ndinasinthanso ma capacitor aang'ono ozungulira uPC1237, omwe amauma ndi zaka, ndi kuwotchereranso malo angapo pomwe mtovu unang'aluka ngati mphete kuzungulira mwendo wa resistor yotentha.

Lachisanu kunali kukonza bias, magetsi ochepa omwe ma transistor aakulu amakoka ampu ili chete. Babu lija limayamba lachoka, chifukwa limatsitsa magetsi ndipo mungaike bias yabodza. Voliyumu pansi, masipika osamangidwa, ampu itenthe kaye, ndiye muyeze pa ma resistor a 0.22 ohm n'kupotoza pang'onopang'ono mpaka pa nambala yomwe buku la ampuyo likunena. Kumanzere DC inakhazikika pa 9mV. Ndinaimangirira ma resistor a 8 ohm m'malo mwa masipika, n'kuisiya ikugwira ntchito masana onse, ndikugogoda bolodi ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti ngati pali china chobisala chituluke. Sinadule.

Ndauza bambo aja kuti pobwera atengenso masipika ndi mawaya awo ndiwayeze, ampu isanabwerere kunyumba.