Mafilimu a Chitchaina si karate yokha

Abale, ambirife tinakulira m'mavidiyo sho, ndiye tikangomva zoti filimu ya ku China timaganiza za anthu ouluka m'malere akumenyana. Zoonadi, Crouching Tiger, Hidden Dragon ya Ang Lee, yomwe amamenyana pamwamba pa nsungwi, inatenga ma Oscar anayi mu 2001. Koma kulinso zina.

Ine yandigwira mtima ndi Black Dog ya Guan Hu, yomwe inapambana m'gulu la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2024. Munthu wangotuluka kundende, wabwerera kwawo m'mphepete mwa chipululu cha Gobi, ndipo wapeza ganyu yogwira agalu osowa mwini, masewera a Olympics a 2008 atayandikira. Salankhula zambiri bamboyu. Amangoyenda pa njinga yamoto ndi galu wakuda wowonda uja, tauni yawo ikugumulidwa. Ena mudzati ikuchedwa, koma pirirani.

Okonda za apolisi ofufuza milandu, sakani Black Coal, Thin Ice, yomwe inatenga Golden Bear, mphoto yaikulu ya pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin, mu 2014. Musaonere ndi ana, chifukwa ziwalo za munthu zimapezeka m'malasha.