Zonyamula popita ku hostel ku Chanco

Amene mwasankhidwa ku Chanco (University of Malawi, ku Zomba), tamverani kuno. Ku Zomba kumazizira kobasi mu June ndi July, mphepo yotsika m'phiri ija si yamasewera, ndiye bulangete likhale lochindikala osati kansalu kopyapyala ayi. Neti ya udzudzu osaiwala. Maloko awiri, ina ya pachitseko ina ya sutikesi, poti mu hostel anthu amangolowa kutuluka osadziwika kuti uyu ndani. Ndowa yanuyanu, mapatapata osambira (bafa la anthu ambiri osapondamo ndi phazi lokha chonde), komanso extension chifukwa masoketi amachepa ndipo roommate naye ali ndi foni yake. Chiponde ndi shuga wa kunyumba zimathandiza ndalama ikachedwa. Makope mukagula konko, koma ma certificate ndi kalata yokuitanani muike mu envulopu ya pulasitiki.